Mchira wa Mkango pa Supuni ya Bambo Anga

Khalani pansi nonse awiri. Tadala, foni patebulo, iyang'ane pansi. Iwe Mayamiko, tulutsa manja m'thumba munthu wamkulu akamayankhula. Ndipo lero palibe zondiyankha m'Chingerezi, chifukwa mukayamba zija za sore sore, ine mutu umatentha.

Ichi chili m'manja mwangamu ndi supuni. Ndaipeza kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mabini a zinyalala, itazikidwa m'dothi ngati khasu la waganyu wothawa ntchito. Agogo anu aakazi akuti mumakumbira nyongolotsi. M'kabati muja muli masupuni odzaza dilowa, ena apulasitiki, ena opindika, ena sitidziwa n'komwe anabwera ndi ndani. Onsewo munawadumpha n'kukatenga iyi yomwe imakhala yokha m'kansalu. Wina wa inu anakwera pampando kuti aifikire. Sindikufunsa kuti ndani, maso a Mayamiko anena kale.

Sindikumenyani. Kuno ukangokweza dzanja, mawa kukubwerera anthu a boma oona za ana ndi mafayilo awo. Koma mumva nkhani yake mpaka kumapeto, ndipo chimenecho ndiye chilango chanu.

Bambo anga, a Maliko, anali khukhi pa esiteti ya tiyi ku Thyolo. Khukhi ndi munthu wophikira azungu, musandiyang'ane ngati ndatukwana. Anayamba ali mnyamata wosenda mbatata, mpaka anafika pophika zinthu zimene iwo eni sanazilawepo. Ankadziwa kuphika keke mu uvuni wa nkhuni, kutentha kwake n'kumakuyesa ndi dzanja basi. Inu kuno chakudya mumachiika mu mayikulowevu, n'kumakwiya kuti chikuchedwa. Azungu aja atamanga katundu kuti azibwerera kwawo, dona wa panyumbapo anawaitana bambo kukhitchini n'kuwapatsa supuni iyi. Anawauza kuti ndi siliva yeniyeni, n'kuwaonetsa kamkango kodindidwa kumbuyo kwa chogwirira, akuti kamkango kameneko ndiye mboni yake.

Bambo sanadyerepo. Ife kwathu supuni sinali ya ntchito kwenikweni. Manja analipo. Phala tinkamwera m'mbale, kapena ndi chikombe chosema, ndipo paulendo tsamba la mango lopinda linkakwana. Supuni iyi inali ndi ntchito imodzi yokha. Mwana akafika poyamba kudya, phala lake loyamba, lija lamadzimadzi la ufa wosefa, linkalowa m'kamwa ndi supuni imeneyi, ndipo womudyetsa anali bambo eni ake. Azikulu anga onse anayambira pamenepa. Ine ndinayambira pamenepa. Amayi anu atafika poyamba kudya, bambo anali atakalamba, manja akunjenjemera, koma anakwera basi kuchoka ku Thyolo kubwera ku Ndirande kumene tinkakhala, supuni ili m'thumba la jekete. Basi zake zinali zija zokhala ndi nkhuku ndi njinga padenga, zofika pachitunda n'kuyamba kutsokomola, anthu n'kutsika kukakankha. Anafika fumbi lokhalokha, anakana madzi osamba, akuti ayambe adyetsa mdzukulu.

Tsono panali mayi anga, a Nangozo. Mayi anga ankadana ndi chiwiya chakuda kuposa mmene ankadanira ndi mfiti. Ankati poto wakuda ndi manyazi a mkazi. Loweruka lililonse ankasenza mapoto onse kupita nawo kumtsinje, n'kukawakwecha ndi mchenga ndi phulusa mpaka munthu n'kumaonamo mano ake. Ndiye siliva ili ndi khalidwe loipa, imada yokha ngakhale isakugwira ntchito. Mayi akaiona yada, ankati ikuwachititsa manyazi kwa apongozi, n'kuiponya mudengu limodzi ndi mapoto. Bambo akadandaula, mayi ankayankha kuti ngati ili siliva yeniyeni ipirire. Ndili mwana kamkango kaja ndinkakaona bwinobwino. Pamene ndinkasiya sukulu, ndipo ndinasiyira Sitandade 4, musaseke, kanali katayamba kuoneka ngati galu. Pamene ndinkakwatira agogo anu kanali katapita.

Bambo atamwalira, abale anga anagawana njinga, wailesi ndi mbuzi. Ine ndinatenga supuni. Anandiseka, koma njinga ija ili kuti lero?

Kuno tinabwera chifukwa cha agogo anu aakazi, iwo ndiwo anali ndi mapepala a unamwino. Ine ndinangobwera ngati katundu wawo. Tinafika ku Bradford nthawi yozizira, ine nditavala jekete ya ukwati, ndikuganiza kuti ndatchena. Mphepo inandilowa m'mafupa pa siteji ya basi mpaka ndinayamba kutukwana m'Chilomwe chomwe ndinali nditaiwala. Ntchito ndinaipeza kukhitchini ya nyumba yosungira okalamba, kutsuka mbale ndi kusenda mbatata. Mwana wa khukhi kuwoloka nyanja zonsezo kudzasendanso mbatata za azungu. Nthawi yonseyo supuni inali pansi pa sutikesi, m'sokosi.

Amayi anu anakula, naphunzira unamwino ngati amayi awo, n'kukwatiwa ndi bambo anu. Apa m'pamene analowera agogo anu ena aja a ku Salford, a Mwanza, asewere anga, kwawo ku Chipata. Munthu uja ndimamukonda, koma pakamwa pake palibe chitseko. Anthu a ku Chipata ndi abale athu, chinenero n'chimodzi, kungoti iwo chilichonse amachidziwa kale usanamalize kunena.

Iwe Tadala utafika poyamba kudya, tinasonkhana tonse m'nyumba muno Lamulungu titaweruka kutchalitchi. Ine ndinasamba m'manja, n'kutulutsa supuni m'sokosi muja, n'kufotokoza mbiri yake monga ndikuchitira panomu. A Mwanza anaitenga, anaitembenuza uku ndi uku, anaiyang'anitsa pawindo.

“Manje mkango uli kuti, asewere? Unathawira ku Luangwa? Ni chitini chabe ichi, azungu anawanamiza amdala.”

Anthu anaseka. Ine sindinaseke. Kenako anayamba kudzitama kuti iwo ali ndi bokosi lathunthu la masupuni a siliva, lomwe anagula pa msika uja wa Lamulungu wogulitsira zinthu kumbuyo kwa magalimoto, onse ali ndi zidindo zinayizinayi zooneka bwino.

Za a Mwanza ndikanazipirira. Chinandilasa ndi amayi anu. Anali atakunyamula, m'dzanja lina muli kasupuni kapulasitiki kosintha mtundu phala likatentha, ngati munthu alibe lilime lolawira. Anayankhula mwaulemu, mwana ndinamulera bwino, koma mawu ake anali olimba.

“Adadi, musakwiye. Sindikudziwa kuti chitsulo chimenechi n'chanji, ndipo zitsulo zina zakale si zabwino kwa mwana. Ngati ndi siliva, mumudyetsa ndinu. Ngati si siliva, m'kamwa mwa Tadala simulowa.”

Ndinakalipa, inde. Ndinamufunsa ngati iyeyo anafa atadyera supuni yomweyi. Anati sanafe, koma mwana ndi wake. Agogo anu aakazi anandiponda phazi pansi pa tebulo. Tinamvana kuti phala loyamba lidikire mpaka Lamulungu linalo, ine ndikapeze umboni.

Sabata imeneyo ndinkaswa mbale kuntchito. Sikuti ndinkaopa a Mwanza ayi. Ndinkaganiza za bambo anga. Munthu anaphikira anthu unyamata wake wonse, n'kusunga kanthu kamodzi moyo wake wonse, n'kumakwera nako mabasi. Nanga zikapezeka kuti dona uja anangotola chitini m'dilowa n'kuwapusitsa? Bambo ali m'manda, sangadziyankhire. Ndipo mzere wa ana odyera supuni imeneyi ukanathera pa amayi anu.

Mzungu wina wophika naye kuntchito anandilozera mayi wina wogulitsa zinthu zakale mumsika wa m'tauni, akuti ameneyo siliva amaidziwa ngati ana ake. Tsiku langa lopuma ndinakwera basi, mvula ikuwaza ija ya kuno yosadziwika ngati ikugwa kapena ikungokunyoza. Panjira ndinatsala pang'ono kutsika. Mtima unkati bwerera, ukanene kuti mayiyo sunamupeze, supuni ibwerere m'sokosi ndi ulemu wake. Koma ndinakumbukira kuseka kwa a Mwanza, ndinakhalanso pansi.

Mayiyo anali wokalamba, wamfupi, tsitsi ngati thonje, atavala majuzi awiri. Atangondiona anati, “Ndikuthandizeni chiyani, lavu?” Ine mwamuna wokwatira, dikoni wa mpingo, kunditchula lavu, ndiye kuti wokondedwa, pagulu. Ndinatsala pang'ono kumuuza kuti ndili ndi mkazi kunyumba, koma ndinakumbukira kuti kuno ngakhale dalaivala wa basi amakutchula choncho. Ndinayamba kufotokoza, Chingerezi changa mukuchidziwa, ndikakwiya chimathothoka ngati chimanga chofumbwa. Iye anaona kuti munthuyu wabwera ndi moto. Anati supuni yanga ndiyambe ndaisunga, andionetse kaye zake, kuti pomva chigamulo ndisadzati wandibera.

Anayala masupuni angapo pakansalu, chogwirira chili chozondoka, n'kundipatsa kagalasi kokuza zinthu konga kaja mumandibera kuti muziotchera mapepala padzuwa. Tcherani khutu apa, chifukwa izi kusukulu kwanu sakuphunzitsani.

Anati m'dziko muno, kuyambira kalekale, munthu sangangodzuka n'kunena kuti chinthu chake ndi siliva. Wosula amachitumiza ku nyumba yoyesera zitsulo, kumene anthu osamudziwa amachiyesa, chikakhoza n'kuchidinda. Siliva payokha ndi yofewa, ukapanga supuni ingapindike m'phala, ndiye amasakanizako mkuwa pang'ono kuti ilimbe. Pa magawo chikwi, magawo 925 azikhala siliva. N'chifukwa chake pa zinthu za masiku ano mumaona nambala imeneyo, onani kuseri kwa ndolo za amayi anu. Pa zakale mboni ndi mkango woyenda, mwendo umodzi wakutsogolo uli m'mwamba, mchira utapindikira pamsana. Bambo anga sananame za mkango.

Pambali pa mkango pamakhala chidindo cha mzinda umene chinthucho chinayesedwa. Mutu wa kambuku ndi London. Nangula wa sitima ndi Birmingham. Ndinamufunsa kuti nangula akutani ku Birmingham kopanda nyanja, ndinapitako ku ukwati ine, ndinangoona misewu yopiringizana. Anati nayenso funso limenelo anafunsapo ali mtsikana. Nyumba yamalinga ndi Edinburgh. Sheffield, pompano apa, kale ankadinda chisoti chachifumu, masiku ano amadinda duwa. Kenako pamabwera chilembo chimodzi chonena chaka, ndi zilembo za dzina la wosula. Ndiye kasupuni kamodzi kamakuuza kuti ndine weniweni, anandiyesa kwakuti, chaka chakuti, anandipanga uje. Kuposa chiphaso cha munthu. Ine pasipoti yanga sinena n'komwe kuti ndine weniweni.

Atatero anatulutsa supuni ina yowala kuposa zonse, nayonso ili ndi tizidindo tinayi tokongola. Anati ndiwerenge. Ndinawerenga E, P, N, S, chilembo chilichonse m'kabokosi kake, patali n'kumaoneka ngati zidindo zenizeni. Anati imeneyo mkati mwake ndi chitsulo wamba, siliva anangoikutira pamwamba, yopyapyala kuposa khoko la anyezi. Ndinati kwathu timazidziwa zimenezo, nyumba ya zidina yopaka simenti kunja, mvula ikabwera m'pamene umadziwa. Anandionetsa ina yakale ya mtundu womwewo, m'mbali mwake mutasupuka, mkati mukuoneka chitsulo chotuwa chopita kuchikasu. Apa ndinakumbukira kuti yanga inalibe chidindo n'chimodzi chomwe.

Ndinaitulutsa m'sokosi. Anaiyesa kulemera padzanja, anaiyang'ana ndi kagalasi nthawi yaitali, anapita nayo pansi pa getsi. Kenako anandifunsa kuti anaichita chonchi ndani. Ndinati mayi anga. Anafunsa kuti ndi chiyani. Ndinati ndi mchenga wa kumtsinje ndi phulusa, Loweruka lililonse, kuyambira ine ndisanabadwe mpaka nditamera ndevu.

Mayi uja anaseka mpaka kutsokomola, mpaka wogulitsa nsalu pafupi anasuzumira. Ine magazi anakwera. Ndinamuuza kuti mayi anga sasekedwa, andipatse supuni yanga ndizipita. Anandigwira dzanja, misozi ili m'maso.

“Sindikuwaseka, lavu. Mayi anu anagwira kale ntchito yanga. Chinthu chikakhala chopanda chidindo, ine ndimachipala ndi tupa kuti ndione zamkati. Iwo anapala supuni yonse, zaka ndi zaka. Ikanakhala yongokutira, siliva yake ikanapita ndi mtsinje mwezi woyamba. Taonani, paliponse mpoyera chimodzimodzi.”

Anandionetsa mmene chogwirira chinapyapyalira, ndi mlomo wa supuni mmene unadyekera mbali imodzi. Kenako anandipatsa kagalasi n'kundilozera ndi nsonga ya singano. Poyamba sindinaone kanthu. Nditapendeketsa pang'ono, ndinaona kamzere kopindika ngati ndowe ya nsomba, ndi kaphazi kamodzi pansi pake. Mchira wa mkango ndi mwendo wakumbuyo. Pambali pake panali timadontho titatu tondondozana, iye anati ndi nsonga za chisoti chachifumu. Sheffield. Chilembo cha chaka ndi dzina la wosula, zimenezo a Nangozo anamaliza, palibe adzazidziwenso.

Ndinamuuza kuti mwana wanga ndi namwino, mchira wokha sakaukhulupirira. Anatenga kabotolo, n'kudonthezera kadontho ka mankhwala pamalo podyeka kwambiri. Anati pakafiira ndiye siliva yabwino. Panafiira ngati magazi a nkhuku. Anandiuza kuti ndijambule ndi foni asanapukute, ndipo ndinajambula chala changa kawiri ndisanajambule supuni.

Ndiye ganizani. Supuni inayesedwa pompano pa Sheffield, inakwera sitima mpaka ku Thyolo, inakakwechedwa ndi mchenga wa kwathu, inakwera basi za nkhuku, n'kubwerera kwawo m'sokosi yanga. Yayenda kuposa inu nonse awiri. Potuluka mumsika muja ndinagula kagalasi kanga, ndipo m'basi ndinkangoseka ndekha, mayi wina mpaka anasamukira mpando wina.

Lamulungu lija ndinauza a Mwanza pafoni kuti pobwera asaiwale bokosi lawo lija, tidzadyere zinthu zapamwamba. Anabwera nalo atalinyamula ngati Baibulo. Ndinayamba ndi amayi anu. Ndinawaonetsa chithunzi, ndinawapatsa kagalasi, anauona mchira. Anakawiritsa madzi, anaiviika supuni monga amachitira anamwino, n'kubwera nayo pambale pamodzi ndi phala.

“Adadi, mudyetseni.”

Kenako ndinapempha bokosi la asewere. Ndinatenga imodzi, ndinaitembenuza, ndinawapatsa kagalasi kuti awerenge okha mokweza, poti maso awo ndi abwino. Anawerenga E, P, N, S. Anafunsa kuti ndiye kuti chiyani. Ndinati ndiye kuti nyumba ya zidina, asewere. Mpaka lero sanagonje. Amati mkango wopanda mutu si mkango, ndipo masupuni awo amawala kuposa yanga. Zoona amawala. Ndinawauza kuti andibwereke imodzi ndikaikweche ndi mchenga mwezi umodzi tione, anakana.

Iwe Tadala, ndinakukhazika pamwendo apa. Ndinatapa phala pang'ono, ndinaliuzira, ndinatchula dzina la bambo anga chamumtima. Unatsegula kukamwa, unalandira, unandiyang'ana m'maso, n'kulavulira lonse pa shati yanga yoyera ya kutchalitchi. A Mwanza anati waona, ngakhale mwana wakana. Koma supuni yachiwiri unameza, ndipo yachitatu unailuma osafuna kuisiya. Iwe Mayamiko sunavute, unkafuna kumeza ndi supuni yomwe, ndipo mpaka lero sunasinthe.

Kuyambira pamenepo ndinagwidwa matenda. Pa msika wa kumbuyo kwa magalimoto uja ndimatembenuza supuni iliyonse, agogo anu aakazi amayenda patali ngati sakundidziwa. Kunyumba za anthu ndikapatsidwa tiyi, ndimayamba ndasuzumira kuseri kwa supuni ndisanatakase. Abusa anandigwira ndikuyang'ana pansi pa chikho cha mgonero. Musakanene kwa anthu, koma nachonso ndi zidina.

Tsono mukudziwa chifukwa chake ndinkafuna kuitsitsa pamwamba pa kabati sabata ino? Mng'ono wanu Chisomo wayamba kulondola chakudya ndi maso, akulanda buledi m'manja mwa anthu. Amayi anu anena kuti Lamulungu likubwerali ayamba phala, ndipo a Mwanza akwera kale sitima m'maganizo, akubwera kudzandiseka. Ine kupita pakansalu, mulibe kanthu. Ndasanthula nyumba yonse, ndakalipira agogo anu aakazi osalakwa, mpaka ndapita kukataya zinyalala n'kuiona itaima m'dothi, nyongolotsi ili pambali.

Bwera kuno, Tadala. Tenga kagalasi, tseka diso limodzi. Pendeketsa. Wauona? Kamzere kopindikako. Mpatse mnzako aone. Iwe usapume pagalasi, ukuchititsa nthunzi.

Pitani nayo kusinki nonse awiri. Madzi ofunda, sopo pang'ono, kansalu kofewa kaja ndimapukutira magalasi anga. M'makina otsukira mbale isalowe. Kawaya kokwechera mapoto musakayandikire n'komwe, ngakhale muone kuti yada. Mayi anga anadya mkango wonse n'kukusiyirani mchira, ndiye mchirawo ukafike kwa ana anu. Lamulungu ndikamadyetsa Chisomo, Tadala udzagwira mbale, Mayamiko udzagwira thawulo, chifukwa shati yanga ndikuidziwa zimene zidzaichitikire.

Nyongolotsizo ngati mukuzifunabe, agogo anu a ku Salford ali ndi bokosi lathunthu. Kapempheni imodzi.